Chimphona cha Azakhali

Azakhali anga anagwira ntchito yomasulira mawu m'khoti kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo atapuma anabwera kudzandisokonezera masewera anga a Loweruka.

Ndiyambe ndi masewerawo, chifukwa ambiri ndikawafotokozera amangondiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Ndili ndi kashopu kosindikiza mapepala: mafotokope, makadi a ukwati, zithunzi za pa ziphaso. Loweruka timatseka wani koloko. Ndikatseka ndimachotsa mabokosi patebulo la m'chipinda chakumbuyo n'kuyalapo mapu. Kumabwera anzanga awiri: Aphunzitsi, omwe amaphunzitsa masamu kusekondale, ndi Nyesi, wokonza zamagetsi, yemwe dzinali analipata tsiku lomwe anathimitsa magetsi a msewu wonse akukonza ketulo. Aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nthano wolembedwa papepala: mphamvu zake mwakuti, liwiro mwakuti, nzeru mwakuti. Ine ndine woyendetsa nkhani. Ndimafotokoza za dziko, mapanga, malinga ndi zilombo, iwo amanena chomwe anthu awo achite, kenako timaponya dayisi ya mbali makumi awiri. Ikagwa nambala yaikulu, zatheka. Ikagwa yaing'ono, wagwa chagada. Kwa zaka zisanu zinthu zinkayenda bwinobwino. Munthu wa Nyesi ankadula zilombo ndi nkhwangwa, wa Aphunzitsi ankaziwotcha ndi matsenga, ine n'kumabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Azakhaliwo ndi mlongo wawo wamkulu wa bambo anga. Agogo ankagwira ntchito ya njanji ndipo ankangokhalira kusamutsidwa, choncho Azakhali anakula akutola zilankhulo ngati mmene ana ena amatolera zitsekerero za mabotolo. Pofika zaka makumi awiri anali nazo zisanu m'kamwa. M'khoti ankaima pakati pa woweruza ndi woimbidwa mlandu, atavala siketi yakuda ndi nsapato zafulati, n'kumatenga mawu uku kupititsa uko, osawonjezera, osachotsera. Khalidwe limeneli ankabwera nalo kunyumba. Pamsonkhano wa abale munthu akanong'ona kuti mkamwini uja ndi waulesi, wina n'kufunsa kuti akuti chiyani, Azakhali ankayankha mokweza: "Akuti mkamwini uja ndi waulesi." Sikuti ankachita mwankhanza ayi. Kwa iwo funso likafunsidwa liyenera kuyankhidwa. Tonse tinaphunzira kusiya miseche akangolowa pakhomo.

Amuna awo anamwalira ine ndili kupulayimale, ndipo ana analibe. Ankakhala okha m'kanyumba kawo kaudongo, mpaka chaka chatha pomwe denga linayamba kudontha ndipo amisiri anati lisasulidwe lonse. Anabwera kwathu, ati kwa milungu itatu. Itakwana isanu ndi umodzi, mkazi wanga anandikokera kukhitchini.

"Inu, Loweruka muwatenge azakhali anu. Akungokhala pa wailesi, ataikweza mpaka a nyumba yachitatu akumva, n'kumakonza owerenga nkhani. Dzulo andikonza ineyo m'nyumba mwanga momwe. Ati ndanena 'ndagula' pomwe ndimayenera kunena 'ndinagula'."

"Akachita chiyani kumeneko? Ndi masewera a zilombo."

"Akakonze zilombozo."

Ndinawatenga. Anakhala pampando wa kumanzere kwanga, chikwama pamiyendo, n'kumvetsera malamulo onse osaphethira. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Kodi anthu a m'dziko lakoli amalankhula chilankhulo chimodzi?"

"Ayi, Azakhali, mtundu uliwonse uli ndi chake. Koma zimenezo n'zongokometsera buku la malamulo, palibe amazilabadira."

Apa ndi pomwe ndinadzikumbira dzenje ndekha.

Anasankha kukhala chimphona. Aphunzitsi anakondwa kwambiri, chifukwa gululo linkasowa womenya wachiwiri. Anatenga khadi la ukwati lowonongeka n'kuyamba kuwerengera kuseri kwake. Anafotokoza kuti mapointi onse aikidwe pa mphamvu, agule chilupanga chogwira ndi manja awiri ndi malaya achitsulo, ndipo pakaponyedwa dayisi kakhumi, kasanu ndi kawiri chilombo chizigwa. Azakhali ankagwedeza mutu mwaulemu. Kenako anatenga pensulo. Pa mphamvu analemba nambala yotsikitsitsa yomwe malamulo amalola. Pa liwiro chimodzimodzi. Zonse zotsala anaziunjika pa nzeru ndi zilankhulo, mpaka zinakwana khumi ndi chimodzi. Pa mndandanda wa katundu analemba zinthu zitatu: kampando kopinda, botolo la madzi, kope.

"Nanga lupanga, amayi?" anafunsa Aphunzitsi.

"Womasulira salowa ndi chida."

"Ndiye bwanji mwasankha chimphona? Ilipo mitundu ina yobadwa ndi nzeru kale."

"Womasulira azioneka kwa onse. Ine ndavutika ndi kufupika zaka zonsezi. Oweruza ena ankachita kundifunafuna kuseri kwa tebulo."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kudzigwira pamphumi. "Izi zili ngati kugula lole n'kuchotsamo injini kuti muzikhalamo powerenga nyuzipepala."

Pamzere wa dzina sanalembepo kanthu. Nyesi ndiye anachitcha chimphonacho Akuti, ndipo dzinalo linakakamira.

Tsiku limenelo ndinali nditakonza nkhondo ya pamlatho. Ndinaikonza kwa milungu itatu, mapu ndinasindikiza papepala lonyezimira lomwe ndimasungira makasitomala apamwamba. Pamlathopo panali amphanga khumi ndi awiri, tianthu tatifupi ta mano akuthwa tokhala m'mapanga. Ndinafotokoza mmene mtsogoleri wawo anatulukira kutsogolo akukuwa ndi kugwedeza mkondo. Nyesi anali atanyamula kale dayisi.

"Dikirani," anatero Azakhali. "Akukuwa kuti chiyani?"

"Akungokuwa, Azakhali."

"Palibe munthu amangokuwa. Chilankhulo cha amphanga ndili nacho, n'chachinayi papepalapa. Ndikutambasula kampando kanga pakati pa mlatho. Anene."

Ndinayang'ana m'mapepala anga. Munali manambala okhaokha: mikondo ingati, magazi angati. Za chifukwa chomwe amphangawo analili pamlatho munalibe, chifukwa m'zaka zisanu panalibe yemwe anafunsapo. Ndinapeka pomwepo kuti apaulendo amawapondera minda ya bowa ya kutsidya. Azakhali anatembenukira kwa anzangawo, nkhope ili gwa, n'kunena ndi mawu a m'khoti: "Akuti mumawapondera bowa."

Aphunzitsi anaona mwayi. Anati tiwalonjeze kuti tidutsa m'mbali mwa minda, atilole tiwoloke popanda kutaya magazi. Zinali kuyenda ndithu. Ndiye Nyesi anaweramira kwa Aphunzitsi n'kunong'ona, koma mwa munthu wake wa nkhwangwa uja: "Tikangowoloka, tiwadula makosi kuchokera kumbuyo."

"Akuti mukangowalola kuwoloka akudulani makosi kuchokera kumbuyo," anatero Azakhali, akuyang'ana ine.

Nyesi anadzuka pampando. "Azakhali! Zimenezo sizinali zoti amve!"

"Wazinena ndili pakati. Chonenedwa ndili pakati chimawoloka."

"Koma inu muli mbali yathu!"

"Ndilibe mbali."

Nkhondo inachitikadi, koma osati yomwe ndinakonza. Amphanga anadula zingwe za mlatho. Bulu wonyamula katundu anapita ndi madzi pamodzi ndi chakudya chonse, ndipo chimphona chija, poti chinalibe mphamvu zosambira, chinachita kukokeredwa kumtunda ndi wamatsenga wa Aphunzitsi, kamunthu kofika m'chiuno mwake. Mapu anga onyezimira anagwira ntchito mphindi zinayi.

Ndinkaganiza kuti atopa nazo. Denga lawo linatha, anabwerera kwawo, koma Loweruka lililonse kutatsala kota kuti wani koloko ikwane ankatsika basi pakona, kope m'manja.

Kope limenelo ndi lomwe linandikalambitsa. Poyamba ndinkangotulutsa phokoso lililonse lobwera m'kamwa ndikamalankhula ngati chilombo. Sindinkadziwa kuti iwo akulemba. Tsiku lina mfumu ya amphanga inanena kuti "groko" ndipo ine ndinati akutanthauza m'bale. Azakhali anatsegula masamba n'kubwerera m'mbuyo.

"Mwezi wachitatu unati groko ndi madzi."

"Mwina liwulo lili ndi matanthauzo awiri."

"Zimatheka. Ndiye akuti 'mwapha m'bale wanga' kapena 'mwapha madzi anga'? Sindingamasulire ndisanatsimikize. Ndikupempha abwereze."

Kuyambira pamenepo madzulo anga ankathera pa kupeka mawu. Munthu wamkulu, wa banja, wa shopu, kukhala pansi n'kumaganiza mmene amphanga amachulukitsira mayina. Kasitomala wina anapeza kuseri kwa risiti yake nditalemba kuti "groko, agroko, chigroko" n'kundifunsa ngati ndi mankhwala. Aphunzitsi nawo anali pamavuto awo. Anatha miyezi iwiri akusonkhanitsa mapointi kuti wamatsenga wawo aphunzire moto waukulu wopsereza chigwa chonse, koma chilombo chilichonse chomwe tinkakumana nacho chinkathera pa kukhala pansi n'kufotokoza madandaulo ake. Tinamva za mizimu ya m'nkhalango yomwe inalandidwa chitsime. Tinamva za chilombo cha mitu iwiri chomwe mitu yake sinkalankhulana, ndipo Azakhali anamasulira pakati pa mituyo kwa ola lathunthu, ine ndikusinthasintha mawu mpaka kukhosi kunauma.

"Moto wangawu ndidzauyatsa liti?" ankadandaula Aphunzitsi. "Ndikhala ngati munthu wogula ambulera m'chilimwe."

Sindibisa, ndinayamba kuwatchera misampha. Ndinabweretsa mafupa oyenda okha, opanda lilime, opanda mapapo. Nyesi ndi Aphunzitsi anasangalala ngati ana otsekera sukulu. Nthawi ya Azakhali yoponya dayisi ikafika ndinkafunsa kuti Akuti achita chiyani.

"Alipo walankhula?"

"Palibe."

"Ndiye ndakhala pakampando."

Maola awiri athunthu chimphona cha mamita atatu chinakhala pakampando pakati pa nkhondo, mivi ikudutsa m'makutu, eni ake akumwa tiyi ndi kuviika bisiketi. Sanadandaule, sanayasamule. Anati m'khoti anazolowera kudikira. Chomwe chinandipweteka n'chakuti ineyo ndi amene ndinayamba kuchita manyazi.

Kenako ndinaganiza zongochipha chimphonacho. Ndinakonza denga la phanga loti ligwe pomwe pali wochedwetsa kuthamanga, ndipo aliyense ankadziwa kuti ameneyo ndani. Miyala itayamba kugwa, Azakhali anaponya dayisi, inagwa pa folo. Ndinayamba kukonza nkhope yachisoni. Koma Nyesi, Nyesi yemwe uja wa makosi, anati munthu wake akutaya nkhwangwa n'kubwerera kukachinyamula. Anaponya, inagwa pa naintini. Nkhwangwa yomwe anaivutikira zaka ziwiri inakwiririka m'miyala.

"Iwe, wachita chiyani?" ndinamufunsa titatuluka panja.

"Akafa ameneyu, atiwerengera ndani mapu a kunsanja komwe tikupita? Si iwe wemwe unawalemba m'chilankhulo cha ziphona?"

Zinali zoona. Ndinawalemba choncho chaka chapitacho, pofuna kukometsera, Azakhali asanabwere n'komwe.

Mkangano weniweni unabuka chifukwa cha katoni. Woyendetsa nkhani amakhala ndi chotchinga patsogolo pake, kuti osewera asaone mapepala ake ndi dayisi yake. Changa ndinachipanga ndekha ndi katoni yolimba, chachitali bwino, chojambulidwa nsanja ndi mitambo, ndipo ndikawerama powerenga chinkandibisa mpaka m'maso. Loweruka lina ndili mkati mowerenga mawu a mfumukazi ya kumapiri, Azakhali anagogoda patebulo.

"Abwereze."

Ndinabwereza.

"Abwerezenso."

Ndinabwereza kachitatu, mano ndikukuta.

"Chotsa chikatonichi."

"Azakhali, chimenechi sichichoka. Ndi lamulo."

"Buku lija ndinaliwerenga lonse. Mulibe lamulo la katoni."

Apa zonse za miyezi isanu ndi iwiri zinandikwera kumutu. Ndinawauza kuti andiwonongera mlatho, andiwonongera phanga, asandutsa masewera a nkhondo kukhala bwalo la milandu ya zilombo, ndipo tsopano akufuna aziona ndi dayisi yanga yomwe. Ndinati ngati masewerawa sakuwakomera, palibe anawamanga chingwe. Aphunzitsi ankayang'ana kudenga. Nyesi ankapukuta dayisi yoyera kale.

Azakhali anaimirira, anakonza siketi, anatenga chikwama. "Zamveka," anatero, n'kutuluka. Kope analisiya patebulo.

Loweruka lotsatira sanabwere. Ndinati tsopano tisewere ngati kale. Ndinatulutsa gulu la achifwamba a m'chipululu, Aphunzitsi anayatsa moto wawo uja, onse anapsa nthawi imodzi. Tinayang'ana wotchi: mphindi makumi anayi. Tinamwa tiyi. Nyesi anafunsa kuti kodi achifwambawo amafuna chiyani, ine n'kumuuza kuti atseke pakamwa.

Kunyumba nako kunalibe mtendere. Mkazi wanga, yemwe uja anandikakamiza kuwatenga, tsopano ankandifunsa ngati ndinaleredwa ndi anthu. Lamlungu masana ndinatenga kope lija n'kukwera basi.

Ndinawapeza akusita. Anandipatsa mpando moyang'anana ndi iwo, pafupi ndi windo, n'kuzimitsa wailesi. Ndinapepesa mozungulirazungulira. Anandisiya mpaka ndinatha mawu.

"Ukudziwa chifukwa chomwe ndinasiyira ntchito?" anafunsa.

"Si zaka zinakwana?"

"Zinatsala zitatu." Anaimika simbi. "Unali mlandu wa njinga. Bamboyo ankalankhula atazolika, mawu akupita pansi. Anati sanaitenge. Ine kamawu kokana kaja sindinakamve. Ndinauza khoti kuti akuti anaitenga. Mkazi wake anakuwa kuchokera kumabenchi, zinakonzedwa pomwepo, bamboyo anapita kwawo tsiku lomwelo. Woweruza anandiitana n'kunena kuti zimachitika, ndisadandaule. Lachisanu lake ndinapereka kalata."

Anadzigwira khutu.

"Khutu lakumanzereli linapita kale. Lakumanjali likutsatira. Ndikaona pakamwa pa munthu ndimamva zonse. Ukabisala kuseri kwa katoni yako ndimamva theka, theka linalo ndimachita kulota. Ndipo ine sindimasulira zolota."

"Nanga bwanji simunanene, Azakhali? Miyezi yonseyi?"

"Sunafunse."

Ndinatsala pang'ono kudziluma. Ndinafunsa ngati anapitako kuchipatala. Anatsegula dirowa n'kundionetsa kachipangizo ka m'khutu, katsopano, kali m'kabokosi kake. Ati kamalira ngati udzudzu ndipo kamakweza chilichonse mofanana, supuni ndi munthu yemwe. Ndinawachonderera kuti azikavala. Anati aganiza. Mpaka lero akuganizabe.

Lolemba ndinaika chotchinga changa pa makina odulira mapepala n'kuchidula, chinatsala chotalika ngati chikhatho. Nsanja zonse ndi mitambo zinapita m'bini. Loweruka Azakhali anabwera ngati palibe chinachitika, anakhala pamalo pawo, n'kuyang'ana kachotchingako. Pasanathe theka la ola anakweza chala.

"Dayisi yako yagwa pa sikisi. Iwe wanena kuti sikisitini."

Woyendetsa nkhani aliyense amanamako pang'ono kuti nkhani ikome, aliyense amadziwa, ndipo palibe amanena. Aphunzitsi anandiyang'ana ngati andigwira ndikubera mayeso. Kuchokera tsiku limenelo zilombo zanga zakhala zikuphonya ngati zoledzera, ndipo palibe chomwe ndingachite.

Chinatsala ndi chinjoka. Nkhani yonse ya chaka chimenecho inkalunjika kwa icho: chinjoka chofiira cha pansanja, chomwe chinaba belu la mzinda. Ndinagula chidole chake, ndinachipenta ndekha kwa milungu iwiri ndi kaburashi kopyapyala ngati nsidze. Ndipo ulendo uno ndinakonzeka. Ndinaganiza kuti chinjokacho, poti n'chakalekale ndi chanzeru, chizilankhula chilankhulo cha anthu wamba, chomwe aliyense pagulupo akumva. Womasulira asowe chochita. Ndinalemba mawu ake masamba awiri n'kuwayeserera pagalasi la kubafa.

Tsikulo litafika ndinachiika patebulo, onse anati haa. Ndinaimirira kuti pakamwa pazioneka bwino, n'kuyamba. Ndinanena za mafumu omwe chinawaona akubadwa ndi kufa, za ankhondo omwe mafupa awo ali pansi pa mapazi athu. Nyesi tsitsi linamuimirira, ndinaona ndi maso angawa. Ndinamaliza ndi mawu okweza, ndikuloza aliyense: "Ndikulumbira pa moto wa m'mimba mwanga, ndidzakudyani nonse!"

"Chalankhula chilankhulo chathu, Azakhali," ndinatero mokoma mtima. "Lero mupume."

Aphunzitsi anali atayamba kale kuwerengera moto wawo. Azakhali ankatsegula kope.

"Abwereze mawu omaliza."

"Ndidzakudyani nonse."

"Ndidzakudyani."

"Eya."

"Osati ndikudyani."



"Mwezi wachisanu," anapitiriza, chala chili pamzere, "nkhalamba ya kudoko inatiuza kuti chinjoka chikalumbira pa moto wake sichingachite mosiyana ndi mawu ake, ngakhale pang'ono, apo ayi motowo umachitentha chokha. Unanena ndiwe, ndinalemba. Tsono ichi chalumbira kuti chidzatidya. Chidzatidya mawa, mkuja, chaka chamawa, ine sindikudziwa. Koma munthu sanena kuti ndidzadya chakudya chili kale m'manja. Lero sichingatidye."

"Azakhali, ndi kalankhulidwe chabe!"

"Anthu apita kundende ndi kalankhulidwe chabe."

Aphunzitsi anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwetsa magalasi, akumenya tebulo, misozi ili mbwembwembwe. Anati mwa galamala amayiwa akhoza, ndipo iwo monga mphunzitsi sangaikire kumbuyo cholakwa. Nyesi, yemwe anadikira nkhondo imeneyi chaka chonse, anayang'ana chidole, anayang'ana Azakhali, n'kufunsa mwakachetechete ngati zikutanthauza kuti angathe kungolowa n'kunyamula belu.

Ndinagwira udzu womaliza. Ndinati chabwino, koma Akuti ayenera kuchigometsa chinjokacho kuti mawu ake achimanga, ndipo pafunika fifitini kapena kuposa. Azakhali anatenga dayisi, anaiponya mwaulesi ngati akutaya chipepala. Inagubuduka, inagunda kapu, inaima pa leveni. Mtima wanga unadumpha. Kenako Aphunzitsi, mdani wa chimphona chija kuyambira tsiku loyamba, anakoka pepala la Azakhali n'kuyamba kuwonkhetsa mapointi onse aja anaunjikidwa pa nzeru ndi lilime. Leveni kuphatikiza naini.

"Twente," anatero, monyadira ngati anakonza ndi iwo.

Choncho anthu atatu analowa m'nsanja, anamasula belu, analikweza pangolo, chinjoka chikuwayang'ana utsi uli tolotolo m'mphuno. Potuluka Akuti anapinda kampando kake n'kuchitsanzika mwaulemu m'chilankhulo cha zinjoka, chomwe chinali chachisanu ndi chinayi papepala. Chidole changa sichinasunthe ngakhale sentimita imodzi. Pano chili pashelefu m'shopu, chimapsinja mapepala kuti asauluke ndi fani.

Patapita milungu iwiri tinayamba nkhani yatsopano, aliyense ndi munthu watsopano. Ndinawauza Azakhali mwaulemu wonse kuti dziko la ulendo uno lili ndi chilankhulo chimodzi chokha, kuyambira kunyanja mpaka kuchipululu, ndipo zimenezi ndazilemba pa tsamba loyamba. Anati palibe vuto, iwonso atopa nazo zomasulira. Nyesi anabweretsa woponya mivi. Aphunzitsi anabweretsa msilikali wapahatchi, atawerengera zonse mpaka kulemera kwa chishalo. Azakhali anatulutsa pepala lawo m'chikwama, lolembedwa kale ndi inki, n'kulitsetsereza kwa ine.

Ndinawerenga kawiri. "Azakhali, apa mwalemba kuti hatchi."

"Eya. Ya aphunzitsiwa."

"Hatchi si munthu wosewera. Hatchi ndi katundu."

"Tsamba handiredi fote-thuu. Cholengedwa chilichonse chokhala ndi nzeru zoposa ziwiri chingathe kuseweredwa, woyendetsa akalola. Hatchi ya nkhondo ili ndi zitatu."

"Woyendetsa akalola. Ine sindinalole."

"Ine ndalola," anatero Aphunzitsi msangamsanga, osadziwa chomwe akudziitanira.

Anadziwa Loweruka lomwelo. Msilikali wawo atatsitsa mkondo kuti athamangire adani pachigwa, Azakhali anafunsa kuti hatchiyo inamwa madzi liti komaliza, ndipo pansi pake ndi pamiyala kapena pamchenga. Atamva kuti ndi pamiyala ndipo zitsulo za kumapazi sizinasinthidwe chichokereni kumzinda, anapinda manja n'kunena kuti hatchi yaima. Aphunzitsi anachonderera, anaopseza, analonjeza udzu wabwino. Pamapeto pake msilikali wa malaya achitsulo anatsika n'kupita kunkhondo wapansi, akukoka chingwe, hatchi ikubwera m'mbuyo mwake pang'onopang'ono n'kumaima paliponse pomwe pamera kanthu kobiriwira.

Sabata ino ndabwereka kulaibulale mabuku awiri a kasamalidwe ka hatchi. Azakhali atumiza uthenga pafoni kuti akufuna kudziwa mitundu ya udzu womera kumpoto kwa ufumuwo, ndi uti mwa iwo umatupitsa m'mimba.